ACB: Mbiri ya Bungwe Lopempha Chilolezo Kuti Ligwire Mbava

Lamulo limene linabereka bungwe lolimbana ndi ziphuphu ndi katangale la Anti-Corruption Bureau, limene tonse timangoti ACB, linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 1995, patangotha chaka chimodzi Amalawi atachotsa ulamuliro wa chipani chimodzi. Koma bungwelo silinayambe ntchito mpaka mu 1998. Zaka zitatu zinatha lamulo lili papepala. Ndipo pa zaka zitatu zimenezo anthu a ndale za matipate anali ataphunzira kale njira zonse zolowera ku thumba la boma.

Tisanamizane, kuba sikunayambe ndi matipate. Nthawi ya Kamuzu chuma cha boma, cha chipani ndi cha kampani ya Press zinali zosakanikirana moti panalibe munthu wakunja amene akanaloza malire ake. Amayi ankakanizidwa kulowa mumsika ngati alibe khadi la chipani, midzi inkasonkha mphatso za Ngwazi ifune isafune, ndipo katundu wa munthu ankatha kulandidwa ndi lamulo popanda kwina kokadandaula. Kusiyana kwake kunali kwakuti kalaliki wamba ankaopa kugwira ngakhale tambala ya boma, ndipo kudya kunali kwa anthu ochepa a pamwamba. Mu 1994 mantha aja anatha. Nthawi yomweyo ndale zinayamba kudula. Voti inayenera kupemphedwa, ndipo wopempha anayenera kufika pamsonkhano ndi nsalu, malaya a chipani, galimoto zotuta anthu ndi kangachepe kogawira ovina. Ndalama zimenezo zinayenera kuchokera penapake.

Nkhani yoyamba yaikulu inabuka bungweli lisanabadwe. Boma la a Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anadzaza m'masukulu ndipo panafunika makope mamiliyoni mwachangu. Ntchito yobweretsa makopewo inapatsidwa kwa kampani ya ku Britain yotchedwa Fieldyork, mosatsata ndondomeko. Nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, a Sam Mpasu, inachotsedwa pa unduna, koma chipani sichinawataye. Mu 1999 anakhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Khoti linadzawapeza olakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika mu 2008, patatha zaka 14, chipani chawo cha UDF chili pa udani ndi mtsogoleri amene anali pampando. Mbiri yonse ya ACB yadzaza ndi milandu yoyenda chonchi: mlandu umagona pamene woganiziridwayo ali pafupi ndi nyumba ya boma, n'kudzadzuka akakangana ndi eni nyumbayo.

Chifukwa chake chinalembedwa m'lamulo lenilenilo. Papepala ACB inapatsidwa ntchito zolemera: kuphunzitsa anthu kuipa kwa ziphuphu, kuunika kayendetsedwe ka maofesi a boma kuti mipata yobera itsekedwe, kufufuza madandaulo, ndi kuzenga milandu. Ofufuza ake anapatsidwa mphamvu zoona mabuku a kubanki, kuletsa munthu kugulitsa katundu amene akufufuzidwa, ndi kumanga. Koma mkulu wa bungweli amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, komiti ya aphungu n'kungovomereza. Ndalama zoyendetsera ntchito zimachokera ku Treasury, kumene nduna ikhoza kuchedwetsa mafuta a galimoto za ofufuza popanda kunena mawu amodzi otsutsa kafukufuku. Ndipo gawo 42 la lamulolo linkati ACB singatengere munthu kukhoti pa mlandu wa ziphuphu popanda chilolezo cha mkulu woyimira boma pa milandu, amenenso amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko yemweyo. Ofufuza ankatha kugwira ntchito chaka chathunthu, umboni n'kukwana, fayilo n'kukafera pa desiki ya munthu mmodzi.

Mkulu woyamba, a Gilton Chiwaula, anakumana nazo zimenezi msanga. Mu 2000 kunaululika kuti ku unduna wa zamaphunziro ndalama zokwana K187 miliyoni zinaperekedwa kwa makontilakitala omanga masukulu amene ena sanamalize ntchito, ena sanaike ngakhale njerwa imodzi. Nduna zingapo zinachotsedwa, koma milandu yake inakwawa zaka zambiri ndipo andale akuluakulu sanagone m'ndende chifukwa cha nkhaniyi. Choopsa kuposa apo chinali chimanga. Pakati pa 2000 ndi 2001 chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chinagulitsidwa pafupifupi chonse. Kumayambiriro kwa 2002 njala inagwa, mtengo wa chimanga unakwera kangapo, anthu kumidzi anadya mizu ndi gaga, ndipo ambiri anafa. ACB inafufuza za amene anagula chimangacho motchipa n'kudzachigulitsa modula, ndipo m'malipoti munatuluka mayina a anthu oyandikana ndi boma. Chaka chomwecho a Chiwaula anachoka pa udindo wawo. Dziko la Denmark linatseka ofesi ya kazembe wake n'kuimitsa thandizo.

A Bingu wa Mutharika analowa m'boma mu 2004 ndi lonjezo lakuti katangale sadzamusekerera ngakhale pang'ono. Kwa kanthawi anthu anakhulupirira. Nduna yawo ya zamaphunziro, a Yusuf Mwawa, inachotsedwa ndipo mu 2006 inagamulidwa zaka zisanu chifukwa cholipirira phwando la ukwati wake ndi ndalama za boma zosafika ngakhale K200,000. Chaka cha 2004 chomwecho aphungu anakonzanso lamulo la ziphuphu n'kulikulitsa, koma gawo la chilolezo lija analisiya. Mwa zina anawonjezera kuti woyimira boma akakana, azipereka zifukwa.

Mlandu umene unasonyeza bwino malire a lonjezo la a Bingu ndi wa a Muluzi. ACB inati mtsogoleri wakaleyu analowetsa ku akaunti yake ndalama pafupifupi K1.7 biliyoni, zimene zina zinachokera ku mayiko othandiza. A Muluzi anakana kuyambira tsiku loyamba, akunena kuti ndi nkhani ya ndale. Anamangidwa mu Julayi 2006. Nthawi yomweyo a Bingu anaimitsa pa ntchito mkulu wa ACB amene anawamanga, a Gustave Kaliwo, ndipo milanduyo inachotsedwa. Mu Febuluwale 2009, kutatsala miyezi itatu kuti kuchitike chisankho chimene a Muluzi ankafuna kuimanso, mlandu uja unadzuka. Kuchokera apo unangoyenda kukhoti ngati wopanda mwini: wozengedwa akudwala msana, maloya apita kukafunsa ngati gawo lina la lamulo likugwirizana ndi malamulo aakulu a dziko, woimira ACB wadzichotsa yekha pa mlandu. UDF itagwirizana ndi chipani cholamula pambuyo pa 2014, liwiro lake linatheratu. Ine sindikunena kuti a Muluzi anaba, chifukwa khoti silinanene choncho. Chimene chimandipweteka n'chakuti khoti silinapatsidwe mpata wonena chilichonse, ndipo Amalawi eni ndalama sadzamva yankho.

Kenako kunabwera Cashgate. Usiku wa pa 13 Sepitembala 2013 mkulu woyang'anira bajeti ku unduna wa zachuma, a Paul Mphwiyo, anawomberedwa pageti la nyumba yawo ku Lilongwe. Anapulumuka. M'masiku ozungulira omwewo apolisi anayamba kupeza ndalama m'malo amene ndalama sizikhala: m'mabuti a galimoto, m'zikwama, m'zipinda zogona za ogwira ntchito m'boma. Kalaliki wina wa zandalama, wa malipiro ongokwana lendi ndi thumba la ufa, anapezeka ndi ndalama zoposa K100 miliyoni.

Kabedwe kake kanali kosavuta moti mpaka pano kamachititsa manyazi. Boma limalipira anthu kudzera pa makina a kompyuta otchedwa IFMIS. Munthu wokhala ndi nambala yachinsinsi ankalowa m'makinawo n'kulemba kuti kampani yakuti yagwira ntchito ku unduna wakuti. Kampaniyo nthawi zambiri inali dzina chabe ndi akaunti ya kubanki. Cheke chinkasindikizidwa, osaina n'kusaina, mwini kampani n'kukatapa ndalama kubanki, n'kutengapo gawo lake, zotsalazo n'kubweza kwa amene anamutuma. Pomaliza wina ankalowanso m'makina n'kufufuta zonse. Akatswiri owerengera ndalama a kampani ya ku Britain ya Baker Tilly poyamba anapeza kuti pafupifupi K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013, ndipo atafufuza mozama chiwerengerocho chinafika cha m'ma K24 biliyoni. Mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Joyce Banda, anathetsa nduna zawo zonse mu Okutobala. Mayiko othandiza, amene nthawiyo ankathira pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimitsa thandizo lawo. Amene analipira ndi mayi wopita kuchipatala cha boma n'kuuzidwa kuti akagule yekha mankhwala kufamase.

Apa ACB inagwira ntchito imene tiyenera kuiyamikira. Mogwirizana ndi apolisi komanso ofesi ya woyimira boma pa milandu, inatengera anthu ambiri kukhoti ndipo angapo anamangidwadi. A Treza Senzani, amene anali mlembi wamkulu ku unduna wa zokopa alendo, anavomera mlandu ndipo anagamulidwa zaka zitatu mu 2014. Wamalonda Oswald Lutepo, amene analinso m'chipani cholamula cha PP, anagamulidwa zaka 11 mu 2015. Nduna yakale ya zachilungamo, a Ralph Kasambara, inapezeka yolakwa mu 2016 pa chiwembu chofuna kupha a Mphwiyo. Komabe funso limene aliyense ankafunsa m'minibasi linali lakuti ndalamazo zinkathera kuti, popeza zinabedwa kutatsala miyezi yochepa kuti kuchitike chisankho cha 2014. Ena mwa omangidwa ananena poyera kuti ankangotumidwa ndi akuluakulu a ndale. A Banda anakana kukhudzidwa kulikonse ndipo sanazengedwe mlandu. Unyolo unadukira pa alembi, akalaliki ndi amalonda.

Mu Julayi 2015 bungweli linataya munthu wake. A Issa Njauju, amene ankayang'anira za ogwira ntchito ndi chuma ku ACB, anasowa, ndipo patapita masiku awiri thupi lawo linapezeka litakwiriridwa mosamaliza pafupi ndi nyumba za alendo a mtsogoleri wa dziko ku Lilongwe. Galimoto yawo inapezeka itatenthedwa ku Mtsiliza. Anthu anamangidwapo, boma linalonjeza kangapo kuti chilungamo chioneka, koma zaka zadutsa khoti lisanagamule aliyense. Taganizani za wofufuza wachinyamata amene mmawa wotsatira anayenera kutsegula fayilo ya munthu wamphamvu, akudziwa kuti bwana wake anaphedwa ndipo dziko silinapeze wopha. Palibe lamulo limene lingafooketse bungwe kuposa zimenezo.

Nthawi ya a Peter Mutharika inabweretsa nkhani ziwiri zimene zinaonetsa poyera ubale wa ndalama ndi chipani. Mu 2017, pofufuza za kagulidwe ka chimanga ku Zambia, ofufuza a ACB anapeza kunyumba kwa nduna ya zaulimi, a George Chaponda, ndalama zoposa K100 miliyoni pamodzi ndi madola. Anachotsedwa unduna, koma khoti la ku Zomba linawapeza osalakwa mu 2018. Chaka chomwecho lipoti la ACB linatuluka mobisa, losonyeza kuti kampani ya Pioneer Investments, imene inali ndi kontilakiti yopereka chakudya kwa apolisi, inaika K145 miliyoni ku akaunti ya chipani cha DPP, imene wosainira wake anali mtsogoleri wa dziko yekha. A Mutharika anati ndalamazo zinali mphatso ku chipani ndipo iwo sanadyepo kanthu. ACB inanena kuti sinawapeze ndi mlandu, ndipo chipani chinalonjeza kubweza ndalamazo.

Nkhani imeneyi, kwa ine, ndiyo mtima wa vuto lonse, ndipo ACB payokha singalithetse. Zipani zathu zilibe mamembala olipira ndalama zokwanira kuyendetsa kampeni. Wamalonda ndiye amagula galimoto, nsalu ndi mafuta. Chipanicho chikapambana, wamalonda uja sabwera kudzapempha, amabwera kudzatolera: kontilakiti ya yunifolomu, ya chakudya cha asilikali, ya feteleza, ya msewu, pa mtengo wowirikiza. Gawo la phindulo limabwereranso ku chipani kukonzekera chisankho china. Phungu naye ali m'goli lomwelo, chifukwa kumudzi kwake amayembekezeka kugula bokosi la maliro, kulipira fizi ndi kutumiza galimoto yonyamula wodwala, zinthu zimene malipiro ake sangakwanitse. Anthu amangoti mbuzi imadya pomwe aimangirira, ngati kuti ndi chilengedwe. Mu 2018 linayamba kugwira ntchito lamulo la zipani loletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, ndiponso lokakamiza zipani kuulula amene azipatsa ndalama zambiri. Papita zaka, ndipo Mmalawi wamba sakudziwabe amene amalipirira misonkhano ya chipani chimene amachivotera.

Pali tsiku limodzi limene bungweli linasonyeza chimene lingachite likasiyidwa. Pamene majaji asanu ankamva mlandu wa chisankho cha 2019, mkulu wa makhoti anakadandaula ku ACB kuti wina akufuna kuwahonga. Mu Januwale 2020 ACB, pansi pa a Reyneck Matemba, inamanga a Thom Mpinganjira, mwini banki ya FDH komanso mmodzi wa anthu olemera kwambiri m'dziko muno. Usiku womwewo majisitireti wina wa ku Zomba anafafaniza chikalata chowamangira ndipo anatulutsidwa, koma khoti lalikulu linabweza chigamulocho. Majaji aja anafafaniza chisankho pa 3 Febuluwale 2020. Mu 2021 a Mpinganjira anagamulidwa zaka zisanu ndi zinayi, ngakhale anadzatuluka pa belo mu 2022 podikira apilo. Chinathandiza n'chakuti odandaula anali majaji, ndipo anthu anali m'misewu.

A Lazarus Chakwera atalowa m'boma anasankha kuti mkulu wa ACB akhale mayi Martha Chizuma, amene anatchuka pa udindo wa Ombudsman, makamaka pofufuza za mathirakitala ogulidwa ndi ngongole ya ku India amene anathera m'manja mwa akuluakulu. Komiti ya aphungu inayamba yawakana mu Meyi 2021, anthu anakwiya, ndipo komitiyo inabweza mawu. Pa desiki pawo panafika nkhani ya Zuneth Sattar, wamalonda wobadwira ku Malawi wokhala ku Britain, amene apolisi a ku Britain ofufuza milandu ikuluikulu ankamuganizira kuti ankahonga akuluakulu kuti apeze makontilakiti a asilikali ndi apolisi. Sattar amakana. Kumayambiriro kwa 2022 woyimira boma pa milandu, a Steven Kayuni, anakana kupereka chilolezo chozenga mlandu mmodzi mwa anthu ogwira ntchito ndi Sattar. Mu Januwale chaka chomwecho kunatuluka mawu ojambulidwa mobisa, mayi Chizuma akudandaulira munthu wina pa foni kuti maloya, majaji ndi akuluakulu ena akutchinga mlanduwo. Mkulu wa bungwe lofufuza sayenera kukamba za mlandu ndi munthu wakunja, ndipo apo analakwitsa. Koma amene anajambula ndi kufalitsa mawuwo cholinga chawo sichinali kuteteza chinsinsi cha mlandu.

Mu Juni 2022 ACB inapereka kwa mtsogoleri wa dziko lipoti lotchula anthu 84. A Chakwera anachotsa mkulu wa apolisi, a George Kainja, anaimitsa mkulu wa ogwira ntchito kunyumba ya boma, ndipo analeka kutuma wachiwiri wawo, a Saulos Chilima, ntchito iliyonse. A Matemba, mkulu wakale wa ACB yemweyo, anamangidwa chaka chomwecho powaganizira pa nkhani yomweyi, ndipo amakana. Pa 25 Novembala ACB inamanga a Chilima powaganizira kuti analandira madola 280,000. Aka kanali koyamba kuti bungweli limange wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko pa mlandu wa ziphuphu ali pa udindo.

Patangotha masiku 11, mbandakucha wa pa 6 Disembala, apolisi a mfuti anazungulira nyumba ya mayi Chizuma ku Lilongwe. Sanawatengere kupolisi ya mumzinda. Anawakweza galimoto mpaka ku Namitete, pamsewu wa ku Mchinji, kutali ndi maloya awo ndi atolankhani. Mlandu wake unali wa mawu ojambulidwa aja, ndipo wodandaula anali a Kayuni, munthu amene lamulo limayembekeza kuti azigwira nawo ntchito limodzi. Nduna ya zachilungamo inauza aphungu kuti boma silinadziwe chilichonse. Anatulutsidwa tsiku lomwelo mayiko a America ndi Britain atadzudzula poyera. Komiti yofufuza za kumangidwa kwa mayi Chizuma itapereka lipoti, a Kayuni anachotsedwa mu Januwale 2023, koma kumapeto kwa mwezi womwewo mlembi wamkulu wa boma analembera mayi Chizuma kalata yowaimitsa pa ntchito. Khoti ndi limene linaletsa, ndipo milandu yawo inachotsedwa mu Febuluwale.

Pakati pa phokoso lonselo panachitika chinthu chimene mabungwe omenyera ufulu analirira kwa zaka zoposa 20. Mu 2022 aphungu anachotsa lamulo lopempha chilolezo, ndipo khoti lapadera la milandu ya zachuma linakhazikitsidwa. ACB inayamba kupita kukhoti yokha. Koma malamulo aakulu a dziko amapatsa woyimira boma pa milandu mphamvu ina imene aphungu sanaikhudze, yothetsa mlandu uliwonse khoti lisanagamule. Mu Meyi 2023 mphamvu imeneyo inathetsa mlandu wa a Muluzi, patatha zaka 14 chiuyambirenso. Mu Meyi 2024 inathetsa mlandu wa a Chilima, umboni usanamvedwe. Mwezi wotsatira, pa 10 Juni, a Chilima anamwalira pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa, dzina lawo lisanatsukidwe kapena kutsutsidwa ndi khoti. Amene ankawakonda ndi amene ankawakayikira onse analandidwa chinthu chimodzi, chigamulo.

Kontilakiti ya zaka zitatu ya mayi Chizuma inatha pakati pa 2024 ndipo anachoka. Ntchito yosankha wolowa m'malo mwawo inakodwa m'madandaulo mpaka inakafika kwa Ombudsman, ndipo dziko linapita ku chisankho cha Sepitembala 2025, nyengo imene ndalama za ndale zimayenda kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse, bungwe la ACB lili m'manja mwa wongogwirizira udindo.